Wailesi inatipatsa makutu, pakamwa inatimana

Wailesi yoyamba imene munthu wamba wa kuno kwathu akanatha kugula ndi ndalama zake inkaoneka ngati sefuliya, ndipo dzina lake linali lomwelo, Saucepan Special. Inayamba kugulitsidwa mu 1949. Mwini nzeruyo anali Harry Franklin, mkulu woona zofalitsa nkhani m'boma la atsamunda la Northern Rhodesia. Iyeyu anali ndi nyumba youlutsira mawu ku Lusaka, imene inatsegulidwa mu 1941 nkhondo yachiwiri ili mkati, koma omvera anali ochepa, poti mawailesi a nthawiyo anali okwera mtengo ndipo ambiri ankafuna magetsi. Atayendayenda m'makampani a ku Britain, a Ever Ready ndi amene anavomera kupanga kawailesi ka batire, kozungulira, kopakidwa utoto wabuluu, mabowo ake otchinga ndi kasefa kuti tizilombo tisamangemo nyumba. Mtengo wake unali mapaundi 5, batire yapadera.

Kawailesi kameneka kanafika mpaka kuno ku Nyasaland. Central African Broadcasting Station ya ku Lusaka inkaulutsa m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona ndi Chindebele, ndipo agogo athu ankasonkhana pakhomo pa mphunzitsi kapena mtchona wobwera kumene kukamva nyimbo za Alick Nkhata ndi uthenga wa moni wochokera kumigodi. Peter Fraenkel, mmodzi mwa ogwira ntchito pa siteshoniyo, analemba mbiri yake m'buku lotchedwa Wayaleshi mu 1959.

Nkhaniyi ndi yokoma, koma pali chimodzi chimene chimandivuta ndikaiganizira. Sefuliyayo inali ndi batani lotsegulira ndi losakira siteshoni. Batani lolankhulira inalibe. Munthu wakuda anapatsidwa chida chomvera, ndipo woyankhula anali boma. Chodabwitsa n'chakuti kuulutsa mawu m'dera lino sikunayambe ndi boma lokha. Siteshoni ya Lusaka isanatsegulidwe, azungu ena a ku Copperbelt okonda kuseweretsa mawailesi anali atayamba kale kuyesa kuulutsa ndi zida zolumikiza okha. Anthu oterewa alipo padziko lonse, ndipo pa Chingerezi amawatchula kuti amateur kapena ham. Amalemba mayeso, boma limawapatsa chiphaso ndi dzina loitanira, kenako amaloledwa kupanga zida zawozawo n'kumalankhulana, osati pofuna phindu koma pofuna kuphunzira. Dzina loitanira la munthu wa ku Nyasaland linkayamba ndi ZD6, ndipo titalandira ufulu mu 1964 linasintha kukhala 7Q. Mpaka lero dzina la 7Q likamveka m'mlengalenga anthu a ku Japan, Germany ndi America amalimbirana kuti aliyankhe chifukwa ndi losowa, ndipo nthawi zambiri wolankhulayo amakhala mlendo wobwera ndi zida zake m'sutikesi, wokhala masabata awiri n'kubwerera kwawo.

Ufulu sunasinthe zambiri pa mbali imeneyi. MBC inayamba mu 1964, kampani ya Nzeru inayamba kulumikiza mawailesi ku Blantyre, mawailesi anachuluka m'midzi, koma liwu linali limodzi kwa zaka makumi atatu. M'dziko limene munthu ankatha kumangidwa chifukwa cha zimene wanena pamowa, sindikhulupirira kuti mnyamata wa pa Chanco akanayerekeza kuimika mlongoti pawindo la hositelo n'kumalankhula ndi anthu akunja usiku. Luso limene anzathu a m'maiko ena ankapatsirana, bambo kuphunzitsa mwana, mphunzitsi kuphunzitsa kalabu ya pasukulu, kuno linalibe pomera. Zinthu zitasintha mu 1994 tinapeza mawailesi ambiri. Lamulo la 1998 linakhazikitsa MACRA, Dzimwe inatsegulidwa ku Monkey Bay, ndipo patapita zaka Chanco Community Radio inabadwa kudzera mu pulogalamu yothandiza anthu a m'chigwa cha nyanja ya Chilwa kupirira kusintha kwa nyengo. Zonsezi n'zabwino. Komabe ndi kuulutsa: mmodzi ali mu situdiyo, ena onse ali chete kumvetsera. Pakamwa tinadzapapeza ndi foni ya m'manja, TNM pakati pa zaka za m'ma 1990 ndi Celtel mu 1999, ndipo pakamwa pake ndi pa lendi, polipira ndi mayunitsi.

Tsopano tiyeni ku Kachulu, makilomita pafupifupi 30 kum'mawa kwa mzinda wa Zomba, pamene anthu amakwerera mabwato opita pa chilumba cha Chisi. Nyanja ya Chilwa ndi yosazama, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, n'kudzaphwanso kwambiri mu 2012 ndi 2018. Madzi akabwerera, matemba, makumba ndi milamba zimabwerera, ndipo asodzi amabwera kuchokera kutali. Ambiri sagona kumtunda. Amamanga zimbowera, tinyumba toyandama pakati pa njedza, n'kukhala kumeneko masabata kapena miyezi. Kolera itabuka panyanjayi kumapeto kwa 2015, azaumoyo anavutika kuwapeza anthuwa moti pa katemera wa mu 2016 ena ankapatsidwa mlingo wachiwiri kuti apite nawo, akamwe okha tsiku likakwana. Munthu wotsegula m'mimba pa chimbowera usiku, bwato limene injini yazima mwera ukuwomba, mayi woyembekezera pa Chisi: onsewa vuto lawo loyamba n'kuuza wina msanga.

Ndinapitako ndi anzanga a m'kalasi pa ntchito ya kafukufuku, ndipo ndili pa doko chimene chinandigwira maso si madzi ayi, koma phiri la Zomba kumbuyo kwanga. Limaoneka lonse, popanda chotchinga. Nsonga yake imapitirira mamita 2,000, pamene nyanja ili pa mamita pang'ono kupitirira 600. Kwa munthu wa mawailesi, kusiyana kwa mamita 1,400 kumeneku ndi chuma. Mafunde a wailesi za VHF, zonga zimene amanyamula apolisi ndi alonda, amayenda mowongoka ngati kuwala kwa tochi. Anthu awiri ali m'mabwato amamvana makilomita ochepa chabe, kenako dziko limapindika pakati pawo. Koma mlongoti wokhala pamwamba pa phiri loterolo umaona kutali kupitirira makilomita 100, kutanthauza nyanja yonse, kuchokera ku Mposa mbali ya Machinga kukafika ku Swang'oma mbali ya Phalombe.

Makina oikidwa pamalo otere amatchedwa repeater. Ntchito yake ndi yosavuta kufotokoza: amamva mawu ofooka ochokera ku kawailesi ka m'manja, n'kuwaulutsanso mwamphamvu nthawi yomweyo, kuti aliyense amene watsegula wailesi yake amve. Vuto lagona pa mawu akuti nthawi yomweyo. Yesani kukuwa ndi mphamvu zanu zonse uku mukumvetsera munthu akunong'ona kutsidya kwa bwalo la mpira. Repeater imachita zimenezo, ndipo nthawi zambiri pa mlongoti umodzi. Pa mafunde a 145 MHz amene ma amateur amagwiritsa ntchito, pomvera ndi polankhulira zimasiyana ndi 600 kHz yokha, osakwana theka la gawo limodzi mwa magawo 100. Popanda chotchinga, liwu la makinawo limagonthetsa khutu lake lomwe.

Chotchingacho ndiye duplexer, ndipo mukachiona mukhoza kuseka. Ndi zitini. Zimakhala zinayi kapena zisanu ndi chimodzi, zazitali kupitirira pang'ono theka la mita, poti ndodo ya m'kati mwake iyenera kukhala gawo limodzi mwa magawo anayi a kutalika kwa funde, ndipo funde la 145 MHz ndi lotalika mamita awiri. Mulibe batire, mulibe kompyuta. Muli ndodo yamkuwa, tiwaya tiwiri topinda, ndi sikulu yosunthira ndodoyo. Chitini chilichonse chimalola funde limodzi kudutsa n'kukaniza linzake, monga mmene botolo limalirira liwu limodzi mukauzira pakamwa pake. Zikalumikizidwa bwino zimachepetsa mphamvu yosafunikayo ndi madesibelo 80 kapena kuposa, ndiye kuti kuigawa ka 100 miliyoni. Koma zimafuna dzanja losamala. Magetsi a mafunde otere amayenda pakhungu la chitsulo basi, choncho m'kati muyenera kusalala, ndipo opanga ena amakutamo siliva. Cholumikizira chimodzi chadzimbiri chimaononga zonse. Chitsulo chimafutukuka kukatentha n'kukhwinyata kukazizira, n'chifukwa chake ndodo yosunthira imapangidwa ndi Invar, chitsulo chosakaniza chimene sichisintha msinkhu kwenikweni.

Duplexer yatsopano ndi yodula, kawirikawiri kuposa wailesi imene ikuitumikira. N'chifukwa chake mbiri ya ma repeater ndi mbiri ya kaunjika. Ku America anachuluka m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, pamene malamulo atsopano anakakamiza apolisi, a matakisi ndi makampani kusintha mawailesi awo. Zida zakale za Motorola ndi General Electric zinatayidwa motchipa, ma amateur anazitola, anazisintha mafunde, n'kuzikweza m'mapiri. Zinachitikanso pofika pa 1 January 2013, pamene bungwe la FCC linalamula kuti mawailesi a ntchito achepetse malo amene amatenga m'mlengalenga. Kunabadwa amisiri a m'magalaja amene ntchito yawo ndi kugula zotsalazi, kuzikonza, kupanga zitini ndi kugulitsa. Ena apangapo duplexer ndi mapaipi amkuwa, ena ndi migolo ya mowa. Chida choyezera, chimene kale chinkapezeka m'malabu a makampani okha, lero chilipo chaching'ono chotchedwa NanoVNA, chokwana m'thumba la malaya, ndipo mtengo wake sufika pa wa foni yabwino.

Apa ndi pamene zimandipweteka. Dziko lathu limadziwa kaunjika kuposa America. Galimoto zathu, zovala zathu, malaputopu amene tikulembera ma assignment, zonse zinatumikirapo wina. Ku Ndirande ndi pa msika wa Zomba kuli amisiri okhoma ndowa ndi mbaula amene amapinda chitsulo ndi diso lokha, ndipo pafupifupi pa msika uliwonse pali mnyamata wokonza mafoni wogwira soldering iron tsiku lonse. Kwinaku kuli ife a physics ndi engineering, odziwa kuwerengera kutalika kwa funde papepala koma osagwirapo mkuwa. Luso lopanga duplexer lili pakati pa anthu atatuwa, ndipo sanakhalepo pa benchi imodzi. Ngakhale zida zakale tili nazo. Mafoni asanafale, zipatala zambiri zazing'ono za kumidzi zinali ndi mawailesi oitanira ambulansi, oyendera sola. Pa chipatala china ndinaona imodzi ili pamwamba pa kabati, fumbi lokhalokha, waya wa mlongoti ukulendewera panja. Batire itafa panalibe woigula, ndipo aliyense anali kale ndi foni.

Wina anena kuti foniyo ndiye yankho, ndipo mbali ina akunena zoona. Asodzi ambiri ali nayo, netiweki imagwira m'malo ambiri a nyanjayi, ndipo palibe amene angasiye Airtel Money kapena Mpamba chifukwa cha wailesi. Koma foni imaimbira munthu mmodzi amene nambala yake mukuidziwa. Bwato likamamira, wofunika si mlamu wanu wa ku Jali, koma aliyense amene ali pafupi, ngakhale simunamuonepo. Wailesi imaitana onse nthawi imodzi, ndipo sifunsa mayunitsi. Chinanso tinachiona mu March 2023, namondwe wa Freddy atakantha chigawo cha kummwera n'kusiya anthu oposa 1,000 atafa kapena kusowa. Magetsi anazima, misewu inaduka, ndipo nsanja za mafoni zimadalira magetsi kapena dizilo wobwera pa msewu womwewo. Repeater ya mawatsi 25 imakhutira ndi sola ndi batire.

Sindikunena kuti mawa munthu agule ma Baofeng khumi n'kukagawa pa doko. Kuulutsa popanda chiphaso cha MACRA ndi mlandu, ndipo n'koyenera, poti mafunde omwewo ali pafupi ndi a ndege ndi a chitetezo. Komanso chiphaso cha amateur sichilola malonda, choncho asodzi sangachigwiritse ntchito pouzana mtengo wa matemba. Komiti ya pagombe ingafunike chiphaso cha mtundu wina, cha mawailesi a ntchito, chokhala ndi malipiro ake. Mbali ya ma amateur ndi ina: ndiko kumene kumachokera anthu odziwa kuimika zinthuzi ndi kuzikonza. Maiko amene ali ndi ma repeater m'mapiri awo sanayambe ndi pulojekiti ya mabungwe. Anayamba ndi makalabu a anthu osatopa ndi kuyesa.

Ndipo ntchito yeniyeni imayamba makinawo ataikidwa. Pa phiri la Zomba pamagwa mphezi, choncho mlongoti umafuna waya wokhuthala wolowa pansi. Pamakhala chinyezi cha nkhungu chimene chimalowa m'zolumikizira. Sola ndi batire zimakopa akuba. Usiku wa mu June kumazizira kwambiri pamwambapo, mu October kumatentha, ndipo zitini zopangidwa ndi mkuwa wamba, popanda Invar, zimasuntha pang'ono pa funde lake nyengo ikasintha. Zikatero repeater imayamba kugontha, mawu a kutali amasowa, a pafupi okha ndi amene amamveka. Pamafunika munthu wokwera phirilo ndi NanoVNA ndi sipanala, kawiri kapena katatu pa chaka, kukapotoza masikulu asanu ndi limodzi aja mpaka mzere wa pa sikirini utabwerera pamalo pake.