Kukonzanso matabwa a mfuti

Kukonzanso matabwa a mfuti ndi ntchito yochotsa vanishi kapena mafuta akale pa thako la mfuti, kapena pa zogwirira za mfuti yaing'ono ya m'manja, n'kupakapo zatsopano. Ku America ndi ku Ulaya eni mfuti ambiri amaigwira okha pakhomo chifukwa siilira makina.

Kuyambira kale, opanga mfuti amakonda mtengo wa walnut. Ndi wolimba koma wosalemera kwambiri, ndipo sung'aluka wamba mfuti ikamakankha pophulika. Makampani a ku London monga Purdey, yomwe inayamba mu 1814, ndi Holland & Holland ya mu 1835, anatchuka ndi kupaka mafuta a linseed, ofinyidwa ku mbewu za fulakesi. Amisiri ankaviika mizu ya alkanet m'mafutamo kuti thabwa lifiirire, n'kumapaka ndi chikhatho kwa milungu yambiri.

Mfuti zankhondo sizinkapatsidwa ulemu wotero: matabwa ake ankangowamiza m'mafuta. Lee-Enfield, yomwe asilikali a Britain anayamba kugwiritsa ntchito mu 1895, poyamba inali ya walnut, koma pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse mtengowo unachepa, ndiye anatembenukira ku beech ndi birch. Fakitale ya ku Lithgow ku Australia inkasema mtengo wa kwawo wotchedwa coachwood. Mfuti za mtunduwu n'zomwe ankanyamulanso asilikali a King's African Rifles, gulu lokhazikitsidwa mu 1902, omwe ena a iwo ankakhala ku Zomba.

Pokonzanso thabwa, mmisiri amayamba waonetsetsa kuti mu mfutimo mulibe chipolopolo, kenako amalekanitsa thabwa ndi zitsulo. Vanishi wakale amamusungunula ndi mankhwala. Pamene panafwaphika amaikapo kansalu konyowa n'kudindapo simbi yotentha, ndipo nthunzi imatukumutsa malowo, bola ngati thabwalo silinadukepo. Sandipepa amayendetsa motsata mizere ya mtengo, kuyambira nambala 220 kufika 400, mozemba tizipsera tozokotedwa pogwirira, tomwe timangofunika mswachi. Mafuta amapaka kadontho, n'kupukuta otsala, n'kudikira tsiku limodzi kapena awiri asanabwereze. Ophikira sauma, ndipo a injini amafewetsa thabwa n'kulidetsa. Nsanza zonyowa ndi linseed zikaunjikidwa zimatha kuyaka zokha, choncho amaziyanika panja kapena kuzimiza m'madzi.

Pali mafuta ena amene nkhani yake imafika kwathu kuno, ndiwo a tung. Mtengo wake kwawo ndi ku China, ndipo mafuta a mbewu zake akauma amakana madzi kuposa a linseed. Asilikali a ku America anawagwiritsa ntchito pa matabwa a mfuti za M1 Garand. Pomwe nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inasokoneza malonda ochokera ku China, maiko ena anathamangira kudzala mitengoyi, ndipo dziko lathu, lomwe nthawiyo linkatchedwa Nyasaland, silinatsalire. Minda ya tung inalipo kumapiri a kumwera, kufufuza za mtengowu kunkachitikira ku Bvumbwe, ndipo kumpoto bungwe la Colonial Development Corporation linatsegula minda ikuluikulu m'dera la Viphya kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Mzinda wa Mzuzu unaphukira pa ntchito imeneyi. N'zochititsa chidwi ndithu kuti mafuta amene lero amagulidwa m'timabotolo todula m'maiko akunja, makolo athu ankatola mbewu zake ndi manja pansi pa mitengo. Ulimiwo unazilala mtengo wa mafutawo utagwa pamsika.

Ntchitoyi ingatalikitse moyo wa thabwa, komabe osunga mfuti zakale amati thako likapalidwa mpaka kufufuta zidindo za fakitale kapena za gulu lankhondo, mtengo wa mfutiyo umatsika.