Anadula malipiro awo kuti filimu ikhale yawo

Anzanga a m'kalabu, pakona yathu ya mbiri mwezi uno tisiye kaye za mafumu ndi nkhondo, tikambe za TV. Makamaka chinthu chija tonse timadandaula nacho: kubwereza. Wakhala pansi madzulo, wayatsa TV, ukupeza ndi gawo lomwe lija unaonera mwezi watha. "Aa, zomwe zija," basi wasintha tchanelo. Koma kubwerezaku sikunabadwe limodzi ndi TV ayi. Inalipo nthawi imene sewero likadutsa ndiye kuti lapita, amene anali kubafa zake zada. Ndipo mmene zinthu zinasinthira, nkhani yake ikuyambira pa banja lina limene linkafuna kutha.

Tipite ku America cha m'ma 1950. TV inali yachilendo, ndipo mapulogalamu ambiri akuluakulu ankachokera ku New York. Osewera ankasewera pompo, anthu m'makomo n'kumaonera nthawi yomweyo. Ukaiwala mawu, aliyense akuona. Makina ojambulira pa tepi anali asanabwere, anadzafika mu 1956. Nanga anthu a kutali ngati a ku Los Angeles ankatani? Mainjiniya ankaimika kamera ya filimu patsogolo pa galasi la TV n'kujambula zimene zikuonekazo, ndendende mmene ena a ife timajambulira mpira pa TV ndi foni kuti titumizire mnzathu. Njira imeneyi ankaitcha kinescope. Chithunzi chake chinkatuluka chotuwa, chachimbuuzi, ndipo chinkafika patadutsa masiku. Palibe amene ankaganiza zosunga zinthu zotere kuti adzagulitsenso.

Ku Los Angeles komweko kunkakhala mayi wina wosewera mafilimu, Lucille Ball, ndi mwamuna wake Desi Arnaz. Desi anabadwira ku Santiago de Cuba, anali woimba ng'oma komanso mtsogoleri wa bandi. Anakwatirana mu 1940, koma ukwati wake unali wa dzina: mkazi ku situdiyo kuyambira m'mawa, mwamuna pamsewu ndi bandi miyezi yathunthu. Lucille anali ndi sewero la pa wailesi lotchuka, My Favorite Husband, ndipo kampani ya CBS inafuna kulisamutsira pa TV. Iye anavomera koma anaika mfundo imodzi, yakuti wosewera ngati mwamuna wake akhale Desi. Chifukwa chake chinali chapafupi: ankafuna mwamuna wake azigona pakhomo.

Mabwana anakana. Ankaona kuti anthu a ku America sangakhulupirire zoti mayi wachizungu wakwatiwa ndi munthu wa ku Cuba wolankhula Chingerezi cha lilime lolemera. Taonani nthabwala yake, anthuwo anali atakhala kale m'banja zaka khumi! Mu 1950 awiriwa anakonza kasewero kawo n'kuyenda nako m'maholo, anthu n'kumaseka mpaka misozi. Apa CBS inagonja.

Litatha limenelo kunabuka lina. Kampani ya ndudu ya Philip Morris, imene inkalipira pulogalamuyo, inafuna kuti sewero lizichitikira ku New York, chifukwa anthu ambiri okhala ndi TV, amenenso anali ogula ndudu, anali kum'mawa kwa dzikolo, ndipo sinkafuna kuti iwowo azionera chimbuuzi cha kinescope. Koma Lucille anali woyembekezera mwana wawo woyamba, ndipo banjali silinafune kusamuka. Desi anabwera ndi nzeru: tijambule pa filimu yeniyeni ya 35mm, yomwe amajambulira mafilimu a ku Hollywood, ndiye aliyense, kaya ali ku New York kaya ku Los Angeles, aone chithunzi choyera chimodzimodzi. Mabwana anati filimu ndi yodula. Desi ndi Lucille anavomera kuti malipiro awo adulidwe ndi madola 1,000 pa sabata, kuchoka pa 5,000 kufika pa 4,000. Posinthana nazo anapempha chinthu chimodzi: mafilimuwo akatha kuonetsedwa akhale a kampani yawo, Desilu, dzina lophatikiza Desi ndi Lucille. CBS inavomera mosavuta. Kwa iwo kunali ngati munthu wakupempha madeya utasinja kale chimanga.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa ntchito imene inachitika kuti zimenezi zitheke inali yaikulu. Lucille ankaseketsa bwino pakakhala anthu omuonera, choncho sanafune kujambula m'chipinda chopanda anthu monga amachitira mafilimu. Anamanga mipando ya anthu pafupifupi 300 m'kati mwa situdiyo. Ndiye sungauze anthu 300 kuti asekenso kachiwiri chifukwa ukufuna kusuntha kamera. Motero anagwiritsa ntchito makamera atatu nthawi imodzi, ina ikutenga chipinda chonse, zina zikutenga nkhope, kenako n'kudzalumikiza bwino pambuyo. Woyang'anira zojambula anali Karl Freund, katswiri amene anajambula nawo filimu ya Metropolis ku Germany mu 1927 ndipo anali atapambana kale mphoto ya Oscar. Iye anakonza magetsi oti aziwala mofanana paliponse kuti pasakhale kuima n'kumasintha nyale. Desilu sindiyo inayamba kuyesa makamera angapo, koma ndiyo inaonetsa kuti njirayi ingagwire ntchito sabata ndi sabata pamaso pa anthu. Masewero oseketsa a ku America amene tinakulira, ngati Friends ndi The Fresh Prince of Bel-Air, aja mumamva anthu akuseka kumbuyo, anatsata njira yomweyi.

I Love Lucy inayamba pa 15 Okutobala 1951. Nkhani yake ndi ya mayi wapakhomo, Lucy, amene amafunitsitsa kutchuka koma chilichonse chimene wayesa chimathera m'chisokonezo, mothandizana ndi mnzake Ethel. Gawo limene ndikupemphani mulisake pa YouTube ndi la mu 1952, pomwe awiriwa alembedwa ntchito ku fakitale ya chokoleti. Ntchito yawo ndi kukulunga maswiti amene akubwera pa lamba woyenda. Lamba uja ayamba kuthamanga, manja alephera, ndiye poopa kuchotsedwa ntchito ayamba kubisa maswitiwo m'kamwa, m'zipewa, m'malaya. Kapitawo pobwera apeza pa lamba palibe kanthu, aganiza kuti ntchito ikuyenda bwino, alamula kuti lamba athamange kwambiri. Simufunika Chingerezi chambiri kuti museke, ndipo n'chifukwa chake seweroli linagulika m'maiko ambiri.

Kubwereza kwenikweni kunabwera ndi mimba yachiwiri. Mu 1952 Lucille anakhalanso woyembekezera, ndipo m'malo mobisa, analowetsa mimbayo m'sewero. Nthawi imeneyo zinali zochititsa manyazi pa TV moti CBS inaletsa kutchula mawu enieni a Chingerezi onena za mimba, osewera ankangoti akuyembekezera. Ife Amalawi izi sitingadabwe nazo, pajatu nafenso timazungulira, timati ndi wodwala kapena ali ndi pakati. Pa 19 Januwale 1953 anaonetsa gawo limene Lucy akupita kuchipatala kukachira, tsiku lomwelo Lucille weniweni anabereka mwana wamwamuna. Anthu pafupifupi 44 miliyoni anaonera, kuposa amene anaonera kulumbiritsidwa kwa Pulezidenti Eisenhower mawa lake. Koma mayi wa khanda amafunika kupuma. Nanga pa TV aziikapo chiyani? Anatenga magawo ena akale n'kuwaonetsanso. Anthu sanazimitse ma TV awo. Anaonera, anasekanso. Apa m'pamene aliyense anazindikira kuti madeya aja anali ufa woyera.

Seweroli linatha mu 1957 lili ndi magawo 180. CBS, imene inapereka mafilimu aja ngati zinyalala, inachita kuwagulanso pa mtengo woposa madola 4 miliyoni. Chaka chomwecho Desilu inagula masitudiyo a RKO, kampani imene Lucille ankagwirako ntchito ali wosewera wamba.

Malonda amenewa ali ndi dzina lake, amati syndication. Tanthauzo lake n'lakuti m'malo mogulitsa pulogalamu ku kampani imodzi yaikulu kuti iulutse dziko lonse, umaigulitsa ku siteshoni iliyonse payokha, mzinda ndi mzinda, dziko ndi dziko. Siteshoni yaing'ono ilibe ndalama zopangira sewero lake, koma ili ndi maola ambiri ofunika kudzaza, ndiye imagula lakale n'kumaonetsa Lolemba mpaka Lachisanu. N'chifukwa chake opanga masewero ankalimbira kufika magawo pafupifupi 100, kuti siteshoni ithe miyezi ingapo isanabwerere poyambira. Ena ankapanga masewero oti agulitsidwe motere kuchokera pachiyambi. Frederick Ziv wa ku Cincinnati anajambula The Cisco Kid kuyambira 1950 pa filimu yamitundu, pamene pafupifupi aliyense anali ndi TV yakuda ndi yoyera. Zinkaoneka ngati kutaya ndalama, koma ma TV amitundu atafala, sewero lake linali likadali latsopano m'maso mwa ogula.

Banja lija silinapulumuke. Desi ndi Lucille anasudzulana mu 1960. Mu 1962 Lucille anagula gawo la Desi m'kampani, n'kukhala mayi woyamba kutsogolera situdiyo yaikulu ku Hollywood. Ali pampando umenewo Desilu inapanga Mission: Impossible ndi Star Trek, onse a mu 1966. Star Trek pa nthawi yake sinachite bwino kwenikweni, NBC inaithetsa mu 1969 itangofika magawo 79. Masiteshoni ang'onoang'ono anaigula n'kumaibwereza madzulo aliwonse, ana asukulu n'kuikonda, mpaka mu 1979 inabwereranso ngati filimu yaikulu. Sewero limene linafa linadzuka chifukwa cha kubwereza. Koma osewera ake sanalemere nazo, chifukwa mapangano a nthawi imeneyo ankawalipira pa maulendo ochepa oyambirira obwereza, kenako basi. Nkhope zawo zinkaoneka tsiku lililonse, ndalama zikupita kwa mwini filimu. Inu a gulu lathu la zisudzo amene mumajambula timasewero pa foni ya mnzanu n'kuika pa peji ya munthu wina, ndimaganiza za inu ndikamawerenga zimenezi. Fayilo yoyambirira ija ili ndi ndani?

Mwina mukufunsa kuti nanga ife kuno tinali kuti. Ku Malawi nthawi yonseyi TV kunalibe. Mu ulamuliro wa Kamuzu tinali ndi wailesi ya MBC basi, ndipo Television Malawi inadzayamba mu 1999. Anzathu a ku Zambia anatitsogolera kutali, siteshoni yoyamba inatsegulidwa ku Kitwe mu 1961. Masiteshoni atsopano a mu Africa anali ngati ang'onoang'ono a ku America aja, maola ambiri koma ndalama zochepa, choncho ankagula masewero a ku America ndi ku Britain. Mafilimu ankabwera m'zitini, siteshoni ikatha kuonetsa inkatumiza ku siteshoni ya dziko lina, kapena kubweza kwa eni ake, kapena kuwononga. Zitini zina zinkangoiwalika pa shelefu.

Kuiwalako kunadzathandiza. Ku Britain, BBC inkajambula masewero ake pa tepi, ndipo poti tepi inali yodula, ankafufuta zakale kuti ajambulepo zina. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 zinthu zambiri zinatayika motere. Sewero lawo lotchuka la Doctor Who, limene linayamba mu 1963, mpaka pano magawo ake oposa 90 sakupezeka. Ambiri mwa amene anapulumuka ndi makope a filimu amene anapangidwa kuti agulitsidwe kunja. Mu 2013 kunalengezedwa kuti magawo asanu ndi anayi amene anasowa kwa zaka zoposa 40 apezeka m'chipinda chosungira katundu pa siteshoni ina mumzinda wa Jos ku Nigeria. Anali a mu 1967 ndi 1968, zitini zili pa shelefu, mapepala a maina akadali omata. Amene anazipeza ndi Mngelezi wina amene ntchito yake ndi kuyendayenda m'masiteshoni akale kusaka mafilimu otayika. Dzina lake, musaseke, ndi Philip Morris, ngati kampani ya ndudu ija inkakakamiza Lucille kuti asamukire ku New York. Palibe chibale, zinangochitika.