Phunziro la kwa Mponda: Kupirira Popanda Kuona Zipatso

Tikamakamba mbiri ya Eklezia Katolika m'Malawi, kawirikawiri timayambira ku Nzama mu 1901 kapena ku Mua mu 1902, pakuti kumeneko mbewu inamera. Koma khasu loyamba linagwa kwina, pamudzi wa mfumu Mponda, pamene mtsinje wa Shire utulukira m'nyanja, pafupi ndi Mangochi wa lero. Kumeneko ntchito inakanika. Ndipo kukanika kumeneku kutiphunzitsa za kupirira kopambana mbiri ya mamishoni amene anakula bwino.

Mu 1889 Kardinala Charles Lavigerie, amene anayambitsa chipani cha White Fathers, anapangana ndi boma la Portugal kuti atumize amishonale kumwera kwa nyanja. Apwitikizi ankalifuna dera limenelo, ndipo anaona kuti mishoni idzakhala umboni wakuti dzikolo ndi lao. Pa 28 Disembala chaka chomwecho anafika kwa Mponda Bambo Adolphe Lechaptois, Bambo Joseph Mercui, Bambo Valentin Heurtebise ndi Bulazala Antoine Verkuylen. Patangopita masabata awiri, mu Januwale 1890, boma la Britain linaumiriza Apwitikizi kuchotsa asilikali ao m'dera la Shire. Mtengo umene amishonale anatsamira unagwa iwo asanamange ndi nyumba yomwe.

Mponda anali mfumu ya Ayao, Msilamu, wolemera ndi malonda a minyanga ndi akapolo, ndiponso anali pankhondo ndi mafumu anzake. Alendowo anawalandira, koma chimene ankayembekeza kwa azungu chinali mfuti ndi wonga, osati katekisimu. Ansembe anatsegula sukulu, anasamala odwala, anaphunzira Chiyao, malungo akuwagwetsa mosinthana. Miyezi 18 inatha popanda mpingo wa akristu kubadwa. Mu Juni 1891 anachoka, nalowera kumpoto, kumene anakakhazikitsa mishoni ya Mambwe, m'dziko limene lero ndi Zambia.

Kodi anthu amene anachoka tingawatche opirira? Pano Thomas Aquinas Woyera atithandiza. M'buku lake la Summa Theologiae aphunzitsa kuti kupirira ndi nthambi ya kulimba mtima, ndipo kuli ndi adani awiri. Woyamba ndi kufooka, kwa munthu amene asiya chabwino pongomva kuwawa pang'ono. Wachiwiri ndi liuma, la munthu amene akakamira maganizo ake kupitirira muyeso. Ife tizolowera kuopa mdani woyamba yekha, naiwala kuti wachiwiri amavala nkhope ya kupirira. Amishonale a kwa Mponda anapewa onse awiri. Sanathawe malungo oyamba atawagwira, ngakhale pamene boma lowatuma linawasiya okha. Koma sanakakamirenso malo, ngati kuti ulemu wao ndi Mthenga Wabwino ndi chinthu chimodzi. Anataya mudzi, anasunga utumiki. Bambo Lechaptois anadzakhala episkopi ku Karema, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, natumikira komweko kufikira imfa yake mu 1917.

Tiyeni tione kumene njira ya ku Mambwe inathera. Kuchokera kumeneko Bambo Joseph Dupont, amene Abemba anamutcha Moto-Moto, anatsegula Kayambi mu 1895, ndipo mu 1897 anasankhidwa kukhala episkopi wa dera la Nyasa. Ndiye amene anaitana ansembe a Montfort, amene anafika ku Nzama mu 1901. A White Fathers anabwerera mu 1902, namanga ku Chiwamba ndi ku Mua, ndipo mu 1903 ku Kachebere. Ulendo uno sanadze pansi pa mbendera ya Apwitikizi. Anadza ndi lamulo la Lavigerie lakuti akatekumeni aphunzire zaka zinayi asanabatizidwe. Amene anaphunzira kudikira anaphunzitsa ena kudikira, pozindikira kuti chikhulupiriro chimakula ngati mbawa, osati ngati bowa. Makolo athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu 1937, patapita zaka 48 chifikire amishonale kwa Mponda, Cornelio Chitsulo wa ku Mua anadzozedwa kukhala wansembe woyamba wa Chimalawi, ndipo mu 1957 anadzozedwa episkopi ku Dedza. Seminale yaikulu ya Kachebere inatsegulidwa mu 1939. Mu 1973 dera lomwe lija la Mponda linakhala dayosizi ya Mangochi. Ansembe a 1889 sakanatha kuziganizira zimenezi pamene ankasanzika kwa Mponda manja ali lende.

Augustine Woyera, chakumapeto kwa moyo wake, analemba kuti kupirira mpaka kumapeto ndi mphatso ya Mulungu, osati mphamvu ya munthu. Ngati ndi chaulere, muyeso wake sungakhale chiwerengero cha maubatizo m'kaundula wa parishi. Ambiri a ife tidzatumizidwa kumalo kumene tchalitchi sichidzadza, kumene anansi athu Asilamu adzatilandira mwaulemu nakhalabe Asilamu. Ena tidzasamutsidwa ntchito tisanaitsirize. Pamenepo tisadziyese olephera, ndiponso tisakangamire udindo ndi kuutcha kukhulupirika. Chofunika kudzifunsa madzulo ali onse ndi ichi: kodi chimene tikugwiritsa ndi dzina lathu, kapena ntchito imene Kristu anatituma?