Mbiri ya Munthu pa Intaneti ndi Kasamalidwe Kake

Mbiri ya munthu pa intaneti ndi zonse zimene zimaoneka wina akalemba dzina la munthuyo pa makina ofufuzira monga Google, kapena pa masamba a mchezo monga Facebook. Zimenezi ndi zithunzi, nkhani za m'nyuzipepala, mindandanda ya mayina, ndiponso mawu amene mwiniwake kapena anthu ena adalemba.

Makinawa sasiyanitsa choona ndi chabodza. Amangosonkhanitsa masamba ndi kuwandandalika. Wofufuza dzina la Mtunthama amapeza zambiri za Kamuzu Academy, sukulu imene Dr Hastings Kamuzu Banda adatsegula mu 1981, popeza yalembedwa m'malo ochuluka. Koma mlimi wa konko wogulitsa fodya ku Chinkhoma, mphunzitsi kapena katekisiti, dzina lake lingapezeke pa tsamba limodzi lokha. Tsambalo likakhala la ngongole, la mlandu umene udatha kale kapena la miseche, kwa mlendo ndilo limasanduka mbiri yonse ya munthuyo.

Zolembedwazi zimakhalitsa, ndipo alipo ozifufuza. Kuyambira mu 2019, boma la America limafunsa opempha viza mayina amene agwiritsa ntchito pa masamba a mchezo m'zaka 5 zapitazo. Olemba ntchito ndi opereka thandizo la maphunziro nawonso angathe kufufuza dzina la wopempha asanamuyankhe.

Malamulo

Mu 2014 khoti lalikulu la European Union lidagamula mlandu wa Mario Costeja González wa ku Spain. Chidziwitso cha mu 1998 chonena za kugulitsidwa kwa nyumba yake chifukwa cha ngongole chinkaonekabe pa Google ngakhale nkhaniyo idatha. Khotilo lidati munthu angathe kupempha kuti zakale zopanda ntchito zisamaoneke dzina lake likafufuzidwa. Ufulu umenewu ndi wa m'maiko a ku Ulaya.

Kuno kwathu, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza ndi kuopseza anthu kudzera pa intaneti. Lamulo la Data Protection Act la 2024 limapatsa munthu ufulu wopempha kuti zolembedwa zokhudza iye zikonzedwe kapena zifufutidwe, ndipo bungwe la MACRA ndilo limaliyang'anira. Mu 2025 khoti lalikulu lidathetsa gawo 200 la Penal Code, limene linkaika kuipitsa mbiri ya munthu m'gulu la milandu ya upandu. Komabe woipitsidwa angathe kukasuma yekha kuti alandire chipepeso.

Zoyenera kuchita

Choyamba, fufuzani dzina lanu nthawi ndi nthawi, m'kalembedwe kake kosiyanasiyana, pamodzi ndi dzina la mudzi kapena la kuntchito.

Chachiwiri, mukapeza zabodza, jambulani tsambalo ngati umboni, kenaka pemphani mwini tsamba kuti azichotse. Kuchotsa pa Google pokha sikufufuta tsamba lenilenilo. Kuyambira mu 2022, Google imalandira mapempho ochotsa nambala ya foni ndi keyala ya munthu pa zotsatira za kafukufuku.

Chachitatu, musaike poyera chithunzi cha chiphaso cha unzika, ndipo musauze wina aliyense nambala yachinsinsi imene WhatsApp imatumiza pa foni yanu. Akuba akaipeza amapempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu.

Chachinayi, musayankhe mutakwiya, chifukwa yankholo nalonso limatsalira. Lolani kuti ntchito zanu zabwino, za m'kalabu ya alimi, m'komiti ya sukulu kapena m'mphakati, zilembedwe molondola ndi dzina lanu lenileni.

Mbiri ya mnzathu

Zambiri zokhudza ife amalemba ndi anthu ena, ndipo ifenso timalemba za anzathu. Lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu limaletsa miseche ndi kunamizira, ndipo Kanoni 220 ya Malamulo a Mpingo imateteza mbiri yabwino ya munthu aliyense. Choncho tisanatumize nkhani kapena chithunzi cha wina, makamaka cha mwana, tiyambe tatsimikiza kuti n'zoona ndi kuti mwiniwake kapena makolo ake avomereza.