Zimene Nkhuku za M'khola Zinaphunzitsa Anthu

Thadzi likayamba kufungatira mazira pamapita masiku 21 kuti anapiye aswe. M'masiku onsewo mwanapiye salandira kanthu kochokera kunja koma mpweya ndi kufunda kwa make. Mafupa ake, magazi ake ndi nthenga zake zimapangika ndi zimene thadzi linaika m'dziramo, ndipo thadzi silingaikemo chimene silinadye. Mfundo imeneyi ikumveka yapafupi, koma anthu anaizindikira mochedwa, atayamba kutsekera nkhuku m'makola ndi kuzisankhira okha chakudya.

Kalelo nkhuku zinkangoyendayenda, kupalasa padzala, kutola chiswe, ziwala, masamba ndi timiyala. Palibe amene ankafunsa kuti m'zotolatolazo muli chiyani.

Phunziro loyamba linachokera pa chilumba cha Java m'zaka za m'ma 1890. Dokotala wa ku Holland, Christiaan Eijkman, anaona nkhuku zimene ankasunga zikufooka miyendo. Atafufuza anapeza kuti zinkadya mpunga woyera wopunthidwa kwambiri, wotsala ku chipatala cha asilikali. Zitabwerera ku mpunga wa gaga wake zinachira. Chimene chinali m'gagamo ndicho chinadzatchedwa vitamini B1, ndipo Eijkman analandira mphotho ya Nobel mu 1929.

Phunziro lachiwiri linadza m'zaka za m'ma 1920 ku Amereka, kumene alimi ankayesa kuweta nkhuku zambiri m'nyumba, makamaka m'nyengo ya chisanu. Anapiye ankapunduka miyendo, mathadzi ankaikira mazira a chigoba chofewa, ndipo ambiri a mazirawo sankaswa. Akatswiri, ena mwa iwo a ku Yunivesite ya Wisconsin, anaonetsa kuti mafuta a chiwindi cha nsomba yotchedwa cod ankathetsa vutoli, monganso kuwala kwa dzuwa. Nkhukuzo zinkasowa vitamini D, amene amathandiza thupi kutenga kashiamu m'chakudya. Chigoba cha dzira limodzi chimakhala ndi kashiamu wokwana pafupifupi magalamu 2, ndipo thadzi likamsowa limamchotsa m'mafupa ake omwe.

Phunziro lachitatu ndi lodabwitsa koposa. Pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, ufa wa nsomba ndi wa nyama unasowa ku Amereka, choncho alimi anadalira chimanga ndi soya. Mathadzi anapitiriza kuikira ndithu, koma anapiye ambiri ankafera m'dzira. Akatswiri a boma ku Beltsville anapeza kuti akasakaniza ndowe zouma za ng'ombe m'chakudyacho, mazira ankaswanso bwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mu 1948 vitamini B12 anapezeka, ndipo zinadziwika kuti ndiye ankasowa. Vitamini ameneyu sapezeka m'mbeu; amapangidwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, monga timene timakhala m'mimba mwa ng'ombe. Nkhuku yopalasa m'khola la ng'ombe inkadzipezera mankhwala eni ake osadziwa.

Mbiri imeneyi ikutikhudza ife kuno kwathu. Ambiri a inu mumaweta nkhuku zakuda za Mikolongwe, zimene dzina lake lenileni ndi Black Australorp, kapena nkhuku zachikuda. Nyengo ya dzinja ikafika mumazitsekera poopa kuti zingaononge mbeu m'munda, n'kumazipatsa gaga yekha. Gaga ndi wabwino, monga Eijkman anaonera, koma sakwana. Alibe kashiamu wokwanira, alibenso vitamini B12.

Tsono amene mwatsekera nkhuku, bwezerani zimene mwazilanda. Zipatseni fumbi la usipa kapena chiswe, zigoba za nkhono kapena za mazira zootcha ndi kusinja, ndiponso masamba aawisi, amene pamodzi ndi chimanga chachikasu amakometsa chikasu cha m'kati mwa dzira. Madzi abwino asasowe, ndipo khola likhale ndi bwalo lofikapo dzuwa.

Kumbukiraninso chimene alimi a nthawi ya nkhondo aja anaona: thadzi likhoza kumaikira tsiku ndi tsiku pamene mazira ake alibe mphamvu yoswa. Mukafuna anapiye, yambani kudyetsa bwino mathadzi ndi tambala milungu ingapo musanasankhe mazira ofungatiritsa, pakuti dzira likaikiridwa palibenso chimene mungaonjezemo.