Zikalata za Amwenye a Masitolo a ku Dedza

Amene anakulira m'mapiri a Dedza kale akumbukira sitolo ya Mmwenye. Pakhonde panali kukhala telala ndi makina ace, ndipo m'kati munali nsaru, mcere, makasu, sopo ndi mafuta a nyali. Anthu a ku Bembeke ndi ku Linthipe, atagulitsa mbatata ndi nyemba zao, anali kutsiriza ulendo pakhonde pomwepo. Koma ndi owerengeka okha amene anadziwa kuti kukhala kwa mwini sitoloyo m'dziko muno kunatsamira pa mapepala ocepa amene anali kuwasunga mosamala ngati ndalama.

Ambiri a Amwenyewa anacokera ku Gujarat, m'dziko la India. Anayamba kucuruka m'zaka za m'ma 1890, pamene Harry Johnston, woyamba kulamulira dziko lino m'dzina la Angerezi, anali kuwalimbikitsa kubwera. Oyambawo anatsika zombo ku Chinde nakwera ndi Zambezi ndi Shire; a pambuyo pace anadzera ku Beira. Mnyamata anali kuyamba nchito m'sitolo ya mbale wace ku Limbe, ndipo akadziwa Cinyanja ndi mitengo ya katundu, mbaleyo anali kumtuma kukasunga sitolo yaing'ono kumidzi. Masiku amenewo India ndi Nyasaland anali pansi pa mfumu imodzi, cotero njira sinali yobvuta kwambiri. Cacikuru cinali laisensi ya malonda yotenga ku boma. Khomo linayamba kutsekeka mu 1954, pamene Boma la Citaganya linaika lamulo lobvutitsa kulowa kwa Amwenye atsopano.

Dziko litalandira ufulu pa 6 Julaye 1964, Mmwenye aliyense anayenera kusankha: kukhala nzika ya Malawi, kapena kusunga pasipoti yace ya Angerezi. Ambiri anasunga ya Angerezi, poyesa kuti zinthu zikabvuta idzawatsegulira njira ya ku Mangalande. Sanadziwe kuti pepala likhoza kutha mphamvu liri m'bokosi momwemo. Mu 1968 Nyumba ya Malamulo ya ku London, poona Amwenye a ku Kenya alikufika ambiri, inapanga lamulo m'masiku owerengeka. Tsono munthu amene iye mwini, atate, amai kapena agogo ace sanabadwire ku Mangalande sanathenso kulowa ndi pasipoti yokha ai. Anafunika cikalata cina capadera, ndipo poyamba zikalata zotere zinali 1,500 zokha pa caka, za eni mabanja. Otsala anadikira pamzere.

Kuno kwathu zinthu sizinadikire. Kuyambira 1970 boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linalamula kuti Amwenye asiye malonda a kumidzi m'manja mwa Amalawi, ndipo pofika 1978 analoledwa kucita malonda m'mizinda yaikuru yokha, monga Blantyre, Lilongwe ndi Zomba. Dedza sanawerengedwe pa mizinda imeneyi. Kufuna kuti ana a dziko akhale ndi masitolo kunali kwabwino, ndipo tisabise kuti anthu ambiri anali ndi madandaulo pa mitengo ndi pa malipiro a anchito a m'masitolomo. Koma nchitoyo inacitika mwaliwiro. Ena ogula masitolowo analibe mpamba wokwanira, ngakhale boma linakhazikitsa Chipiku kuti adziodako katundu, ndipo masitolo ambiri anangotsala citsekere.

Amene anasankha kucoka m'dziko anakumana ndi nkhondo ya mapepala. Anafunika kalata ya kubadwa ya mwana aliyense, kalata ya ukwati, ndi cilolezo coturutsa ndalama kunja. Apa ndi pamene panali misozi. Ukwati wina unamangidwa m'mzikiti kapena m'kacisi kumudzi ku India popanda colembedwa ca boma. Dzina limodzi likalembedwa mosiyana pa pasipoti ndi pa laisensi, monga anali kucitira makalaliki olemba zimene makutu ao amva, munthu anayenera kukalumbira pamaso pa wamalamulo kuti maina awiriwo ndi ace. Ena sanapatsidwe ngakhale nthawi yotere: mu 1976 Amwenye ocokera ku Goa anapitikitsidwa m'dziko muno mwadzidzidzi. Ambiri a ocokawo anakhazikika mumzinda wa Leicester, kumene anakapeza anzao othamangitsidwa ku Uganda ndi Idi Amin mu 1972.

Lero amalonda a ku India alikubweranso, ndipo wofuna kukhala kuno cifukwa ca malonda apempha cilolezo cochedwa Business Residence Permit ku ofesi yoona za olowa ndi oturuka. Kutsimikiza zikalata kunapepuka cifukwa ca pangano limene maiko anapanga ku The Hague mu 1961. Malawi analowamo mu 1967, India mu 2005. Mwa panganoli, kalata ya kubadwa kapena ya kampani ikadindidwa cidindo cochedwa apostille ndi unduna woona za maiko akunja ku India, siifunikanso kuyenda m'maofesi a akazembe. Koma owerenga adziwe kuti cidindoci cingotsimikiza dzanja ndi udindo wa amene anasaina. Ngati kalaliki analemba dzina molakwa, cidindo cikhala pamwamba pa dzina lolakwalo.