Mbiri ya Mungu wa Chimanga

Nkhani yathu lero ikuchokera m'munda wa chimanga.

Alimi ambiri adaziwonapo izi: munthu wabzala chimanga choyera chokhachokha, koma pokolola apeza maso achikasu kapena ofiira pakati pa oyerawo. Chochititsa chake ndi mungu, ufa wachikasu uja umene umayoyoka ku ngayaye. Ngayaye ndiyo mbali yachimuna ya chimanga, ndevu ndizo mbali yachikazi, ndipo kandevu kalikonse kamathera pa diso limodzi. Mphepo ikawomba imanyamula mungu kuchoka pa phesi lina kukautula pa ndevu za phesi lina, mwinanso za m'munda wa mnansi. Motero maso ambiri pa chimanga chimodzi bambo wake ndi phesi lina.

Ophunzira adatenga nthaŵi yaitali kuti azimvetse zimenezi. M'chaka cha 1694 Rudolf Camerarius, wa ku Germany, adasonyeza kuti zomera zili ndi mbali yachimuna ndi yachikazi, ndi kuti popanda mungu njere sizikhwima. Mu 1716 Cotton Mather, wa ku Boston, adalemba za munda wa chimanga chachikasu m'mene mudabzalidwa mzere umodzi wa chofiira ndi chabuluu. Mtundu wa mzerewo udaloŵerera mizere ina, makamaka ya kumene mphepo inkaloŵera.

Mu 1876 Charles Darwin adafalitsa zimene adapeza atayesa zomera zamitundumitundu: chimanga chobadwa ndi mungu wa phesi lina chinkatalika kuposa chobadwa ndi mungu wa phesi lake lomwe. George Shull, wa ku America, ndiye adapitiriza pamenepa. Mu 1908 adafotokoza kuti chimanga chikamadzikwatira chokha chaka ndi chaka chimafooka ndi kufupika. Koma mitundu iŵiri yofookayo ikakwatitsidwa, mwana wake amatuluka wamphamvu ndi wobereka kuposa makolo ake. Mwana ameneyu ndiye timamutcha haibridi. Opanga mbewu amabzala mitundu iŵiriyo m'mizere yoyandikana, nathothola ngayaye za mtundu umodzi kuti ulandire mungu wa unzake wokha.

Nzeruyi idafikanso kuno ku Africa. Ku Southern Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe, ntchitoyi idayamba mu 1932, ndipo mu 1960 adatulutsa mbewu yotchuka ija ya SR52. Komabe alimi ambiri a m'Malaŵi sadachedwe kuwona vuto la mahaibridi oyambawo. Maso ake anali ofeŵa: mumtondo ankafumbutuka, mphale n'kuchepa, gaga n'kuchuluka, ndipo m'nkhokwe anankafumbwe sankawasiya. Amayi adakakamira chimanga cha makolo, ndipo sadalakwe. Akatswiri a ku Chitedze, pafupi ndi Lilongwe, adamva dandauloli, ndipo mu 1990 adatulutsa MH17 ndi MH18, mahaibridi a maso olimbirako, okonoleka bwino.

Tsono phunziro lake ndi lotani kwa ife? Mphamvu ya haibridi ili pa mbadwo woyamba wokha. M'munda wa haibridi mapesi onse ndi apachibale, kotero mukabzalanso zimene mwakolola, mbewu imatuluka yosiyanasiyana, ina yaitali ina yaifupi, ndipo zokolola zimatsika. N'chifukwa chake alangizi amati mbewuyi tizigula yatsopano chaka chilichonse. Nawonso amene akusunga chimanga cha makolo akumbukire kuti mphepo sidziŵa malire a munda. Mbewu aziisankha pakati pa munda, osati m'mphepete moyandikana ndi chimanga cha mtundu wina, kuti zidzukulu zidzaipeze monga agogo adaisiyira.